Malupanga Awiri, Sowo Imodzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, pamene ndinasololera mnzanga lupanga. Linali Lolemba la mwezi wa Juni, pa Boma pa Mzimba, kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Mnzangayo anali Wongani, amene ndinkakhala naye desiki imodzi. Lupangalo silinali choseweretsa. Linali lachitsulo, lotalika ngati mkono wanga, ndipo likanatha kung'amba munthu.

Tinali titatha chaka chimodzi ku Mzimba. Kwathu ndi ku Dedza, koma bambo anga anali apolisi, ndipo wapolisi sasankha kokhala. Ndinafika ndisakudziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chitumbuka. Wongani ndiye anandiphunzitsa kunena kuti "yewo" pothokoza, kupempha madzi, ndi kutukwana komwe. Pa buleki ankandibenthulira mbatata yootcha, ine n'kumamuonetsa masamu. Anyamata ena ankanditcha "mwana wa polisi". Iye yekha ndiye ankanditchula dzina langa, Limbani.

Kuseri kwa msika kunali chisakasa cha zigwagwa, matabwa otsala pocheka aja, momwe ankaonetsa vidiyo. Loweruka masana ankaika makatuni a ku Japan. Munali amuna atsitsi lomanga pamwamba pa mutu, ovala mathalauza otambalala ngati siketi, malupanga ali m'chiuno. Ankatchedwa asamurai. Chijapani sitinkachimva, koma pamwamba pake panali mawu a mnyamata wina wotanthauzira m'Chichewa, amene ankanena chilichonse chomwe chamubwerera. Iyeyo ndiye anatiuza kuti asamurai ndi Angoni a ku Japan. Iyeyonso ndiye anatipatsa lamulo. Ankalinena ndi mawu okhuthala, nyimbo itazima: lupanga la msamurai likatuluka m'chimake, silibwereramo lisanalawe magazi. Lamulo limeneli tinkalisunga kuposa malamulo khumi a ku Sande sukulu.

Mnyamata aliyense anasema lupanga la thabwa. Ine ndi Wongani tinaposa onse. Padzala la kuseri kwa mashedi a matabwa tinatola sowo ya makina yothyoka, yopyapyala, yaitali. Tinaipinda papanda la mtengo mpaka inaduka pakati. Milungu iwiri tinkakhula mano ake pa simenti ya kalavati, manja ali matuza okhaokha. Pogwirira tinakulunga malegeni. Zimake tinapanga ndi makatoni. Sowo imodzi inabala malupanga awiri, lake ndi langa, ndipo tinkawabisa mu udzu kuseri kwa zimbudzi.

Lolemba limenelo, Suzgo ndiye anayambitsa. Suzgo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndevu zitayamba, akubwereza kalasi yathu kachitatu. Iye analibe lupanga, koma ndiye ankaweruza masewera athu onse. Anafunsa kuti pakati pa eni zitsulo awirife, mkulu wa asamurai ndani.

"Funso lake lilipo apa?" anatero Wongani akuseka. "Mngoni ndine. Uyu ndi Mchewa, lake ndi khasu. Kapena abwereke chibonga cha adada ake ku polisi."

Onse anaseka. Mawu oterewa ndinali nditawamva kambirimbiri, koma osati kuchokera kwa iye. Ndisanaganize, chitsulo chinali pamtunda, nsonga yake italoza pachifuwa pa Wongani.

Kuseka kunatha. Ndinkangofuna kumuopseza, ndipo nditaona nkhope yake ndinachita manyazi. Ndinatembenuza lupanga kuti ndilibwezere m'katoni mwake. Suzgo anandigwira pamkono.

"Yayi, dada," anatero. "Lamulo ukulidziwa."

Anagamula pomwepo. Lachisanu tikaweruka, kudzenje lakale lochekera matabwa la kumtsinje. Ine ndi Wongani, zitsulo zenizeni, mpaka mmodzi atuluke magazi. Wosabwera adzavala diresi la mlongo wake mpaka chaka chithe. Anyamata anakuwa mokondwa. Wongani anatola lupanga lake n'kumapita.

Choncho ndinatsala ndi masiku anayi. Pofika Lachisanu, kapena ndimucheke Wongani, kapena andicheke iye, kapena ndikhale mlendo wamantha amene sukulu yonse idzamuloza chala. Lero njira yachitatuyo ndimaiona kuti inali yotakata ngati msewu wa tala. Panthawiyo sindinkaiona n'komwe.

Lachiwiri Wongani anaika chikwama chake pakati pa desiki. Sitinayankhulane. Aphunzitsi ankalemba za mitsinje ya mu Afirika, ine maso ali pamkono pake, pomwe panali chipsera cha katemera, ndikusankha malo oti ndidzacheke osamupweteka kwambiri. Ndinakumbukira zomwe amayi ankanena akamadula nyama, kuti mpeni wobuntha ndi umene umavulaza. Ndinaganiza kuti lupanga likakhala lakuthwa kwambiri ndidzangomukhudza pang'ono, kadontho kamodzi katuluke, nkhani ithe. Nzeru za mwana zimenezo ndi zomwe zinanditengera kwa a Ziba.

A Ziba ankanola masowo pakhonde la nyumba yawo, kumunsi kwa mashedi a matabwa. Anagwira ntchito ya matabwa zaka zambiri ku Chikangawa, mpaka makina anawadya zala ziwiri za dzanja lamanzere. Ocheka matabwa a ku Luwawa ankabwera ndi masowo awo panjinga n'kumadikira pamzere ngati kuchipatala. Anali munthu wosachedwa kupsa mtima, wosapatsa moni kawiri. Pa Boma ponse ankadziwa kuti a Ziba anapitako ku Japan, chifukwa eni akewo sankalola kuti wina aiwale. Abwana awo anawatumiza miyezi itatu kukaphunzira kasamalidwe ka masowo. Ana tinkati ndi nkhambakamwa chabe.

Ndinapita Lachitatu masana, lupanga nditalikulunga m'saka. Ndinawapeza akukhula mano a sowo ndi tupa, limodzilimodzi, phokoso lake lolasa m'mano. Nditafunyulula sakalo anayang'ana chitsulo, osandiyang'ana ine. Anachitembenuza, n'kuyendetsa chala m'mbali momwe munali mano.

"Sowo iyi ndinaitaya ndine," anatero. "Inathyokera pamfundo ya paini. Theka linzake lili kuti?"

"Sindikudziwa, adada."

"Ukudziwa. Ukufuna kudulira chiyani?"

"Nzimbe."

"Nzimbe." Anaika tupa pansi. "Mwezi uno ana atatu abwera kudzandifunsa ngati ndinaona asamurai ku Japan. Iwe wabwera ndi nzimbe. Chimake chake chili kuti?"

Ndinawauza kuti silingabwerere m'chimake, ndipo ndinawalakatulira lamulo lija monga momwe ankalinenera wa vidiyo. Za Wongani ndi za Lachisanu sindinatchule. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wakuuza ndani?"

"Za mu vidiyo."

"Wa vidiyoyo anafikako?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lakale lokutidwa ndi pulasitiki. Anati tsiku lina Lamlungu anzawo a ku Japan anawatengera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo iwo ankalemba zonse zomwe womasulira ankanena. "Ine ndimalemba," anatero, ngati akundidzudzula kuti ine sindilemba.

"Anthu akowo, atsitsi lomanga, amayenda m'misewu ya mzinda wotchedwa Edo, eti? Edo ndi Tokyo wa lero. Nthawi imeneyo inayamba 1603, inatha 1868. Chotsera."

Ndinachotsera pamtima. "Mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu."

"Masamu ukuwadziwa, nzeru ndiye mulibe. Zaka zonsezo, nkhondo zenizeni ungaziwerenge ndi zala zanga zotsalazi. Msamurai ankabadwa, kukula, kumera imvi, kufa, osachekapo munthu. Ambiri anali makalaliki. Ena alonda a pageti. Malipiro awo unali mpunga. Lupanga linali ngati tayi ya bwana wa ku ofesi, loonetsa kuti uyu ndani. Ndipo ukalisolola mwachisawawa, mbwenu walowa m'mavuto chomene. Kunali mwambo wake: awiri akamenyana, onse awiri chilango chimodzi. Woweruza safunsa kuti anayamba ndani. Wapulika?"

Ndinati ndamva. Zoona zake n'zakuti mawuwo ankangondidutsa. Zaka mazana awiri za mtendere wa ku Japan sizikanandichotsera Lachisanu langa. Chomwe ndinkadikira chinali chimodzi: kuti mkuluyu alande chitsulocho, andikoke khutu mpaka kwa bambo anga. Ndikanakwapulidwa, inde, koma ndikanakhala ndi chonena kwa Suzgo.

Sanalande. Anatenga tepi, anayeza utali wa lupangalo, analemba m'kope. Analinyamula padzanja ngati akuyesa kulemera kwa nkhuku.

"Ubwere Lachisanu ukaweruka. Ndilinola, ndi chimake ndikupangira. Sungayende ndi chitsulo chamaliseche pa Boma, adada ako angakumange okha."

Ndinabwerera kunyumba. Munthu wamkulu yekhayo amene anaona lupanga langa anali atavomera kulinola.

Lachinayi bambo anabwera kudzadya masana. Akuvula jombo anauza amayi za mlandu womwe anali nawo: abale awiri analimbirana malire a munda, mmodzi n'kutema mnzake ndi chikwanje. "Akuti ankangofuna kumuopseza," anatero bambo. "Onse amatero. Chitsulo sichidziwa kuopseza." Amayi anafunsa ngati wotemedwayo ali moyo. Bambo anati madokotala akuyesetsa. Ndinasiya kudya. Amayi anandigwira pamphumi n'kunena kuti mwina ndi malungo. Ndikanangotsegula pakamwa pomwepo, zonse zikanatha. Ndinati ndi mutu chabe.

Lachisanu kunacha ndi chifunga, ndipo dzuwa silinatuluke bwinobwino tsiku lonse. Wongani anabwera kusukulu, anakhala kumapeto kwenikweni kwa desiki. Belu loweruka litalira ndinathamangira kwa a Ziba. Lupanga linali pabenchi. Chigwiriro chinali changa chomwe chija, cha malegeni, koma tsopano linali m'chimake cha mlombwa, chopalidwa bwino, cholemera. Pakamwa pa chimakecho anamangapo chingwe cha khonje.

"Walibwezera ndine, osati iwe, ndiye lamulo lako silinasweke," anatero. "Ukamasule komweko kuli nzimbe zakozo. Ndanola moti ungametere ndevu."

Panjira ndikanatha kumasula kuti ndione. Sindinafune kuliona.

Dzenje lochekera matabwa linali pansi pa mitengo ya bulugamu, pafupi ndi mtsinje. Linali lakuya kupitirira msinkhu wanga, pamwamba pake patapingasa mitengo iwiri yowola. Pansi ponse panali utuchi wakale, wakuda, wonunkha chinyontho. Ndinawerenga anyamata khumi ndi asanu ndi anayi. Ngakhale pamenepo ndinkawerenga zinthu. Suzgo anajambula bwalo ndi chidendene, n'kundiimika chakumphepete, dzenje lili kumsana kwanga.

Wongani anafika pomalizira. Atalowa m'bwalo ndinaona chomwe ananyamula. Chimake cha mlombwa, chingwe cha khonje, chimodzimodzi changa. A Ziba anali atanola onse awiri.

Tinaima moyang'anizana, mapazi atatu pakati pathu. Milomo ya Wongani inali yotuwa. Mphepo inkagwedeza masamba a bulugamu, ndipo kutali ndinkamva lole ya matabwa ikusintha magiya pachitunda. Ndinamasula chingwe. Mfundo yosavuta inanditengera nthawi. Iyenso anamasula chake.

"Ndikawerenga katatu," anatero Suzgo.

Malo aja ndinasankha Lachiwiri, pafupi ndi chipsera cha katemera, ndinawaiwala. Za kukhudza pang'ono ndinaiwala. M'mutu munatsala chinthu chimodzi: akayamba iye, ndafa. Suzgo atangoti "ziwiri", ndinatsinzina, ndinasolola ndi kutema nthawi imodzi, ndi mphamvu zanga zonse, monga ndinkaonera mu vidiyo.

Ndinamva kuti phwa! Silinali phokoso la chitsulo. Wongani anakuwa.

Nditatsegula maso, m'manja mwanga munali nsungwi. Yoyera, yopalidwa, yozungulira m'mbali ngati mthiko. Wongani anagwira paphewa. Magazi panalibe, koma mzere wofiira unkatupa kuchokera paphewa kukwera chakukhosi.

Palibe anaseka. Maso onse anapita kudzanja lamanja la Wongani, lomwe linali pachigwiriro. Ndipo ine, mlendo wa ku Dedza, ndinaganiza zomwe mlendo amaganiza: a Ziba ndi Mngoni, Wongani ndi Mngoni. Mkuluyu wandipatsa ine ndodo, wake wamupatsa chitsulo.

"Solola!" anakuwa Suzgo. "Wakutema uyu! Wabera, sindinafike patatu! Mucheke!"

Ena anayamba kuvomereza. "Mucheke! Mucheke!" Ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi, chidendene chinagumula dothi la m'mphepete mwa dzenje. Kothawira kunalibe. Wongani anayandikira. Misozi inkatsika, koma nkhope inali youma, ndipo ankapuma ngati wathamanga mtunda. Ndinaona mitsempha ya dzanja lake ikukungika. Chigwiriro chinasuntha pang'ono. Ndinakweza kansungwi kanga kutchinga kumaso.

Kenako ndinamva chinthu chikugwa pa utuchi. Wongani anali ataponya lupanga lake pansi, lili m'chimake momwemo.

"Nkhukhumba yayi," anatero. Sindikufuna.

Suzgo anamutukwana, anamutcha mkazi, anati diresi akaligula yekha. Anatola lupangalo kuti ationetse momwe mwamuna amachitira. Anasolola mwamatama, n'kulikweza m'mwamba. Inali nsungwi.

Kamnyamata kena ka Sitandade 5 ndi komwe kanayamba kuseka. Ena asanatsatire, mawu anamveka kuchokera kuseri kwa mulu wa zipika.

"Iwe wandevu, bweretsa kuno ndodo yangayo."

Anali a Ziba. Anali atatitsatira mozemba, n'kukhala pachitsa, chipewa chili m'maso. Suzgo ndiye anayamba kuthawa. M'kanthawi kochepa pabwalo panatsala anthu atatu.

A Ziba sanandiyang'ane. Anakoka kolala ya Wongani, anaona mzere uja, n'kuika dzanja lawo lopunduka pakati pa mapeto a mzerewo ndi mtsempha waukulu wa pakhosi. Mpata wake unali wofanana ndi pomwe panachoka zala zawo.

"Zala ziwiri," anatero. "Bwera udzaone, mwana wa polisi. Bwera!"

Ndinayandikira. Ndinaona. Kenako ndinatembenuka n'kusanza pa utuchi.

Anadikira kuti ndimalize. Atatero anatola nsungwi imodzi. Anatiuza kuti Lachitatu lomwelo, ine nditachoka, anafunsa ana a m'mashedi kuti theka lina la sowo lili ndi yani, ndipo sipanathe ola asanamve nkhani yonse. Anaitanitsa Wongani n'kumuuza kuti la mdani wake lanoledwa, abweretse lakenso kuti zifanane.

"Ichi ku Japan chili ndi dzina," anatero akugwedeza nsungwiyo. "Takemitsu. Msamurai akasauka, mpunga osakwana, ankagulitsa chitsulo kuti ana adye. M'chimake ankaikamo nsungwi, n'kumayenda m'tauni chifuwa chili patsogolo. Bwanji sankaopa? Ankadziwa kuti tsiku losolola silidzafika. Amenewo ndiwo asamurai anu. Ndakupangirani zenizeni."

M'mawa mwake a Ziba anafika kwathu atatenga zitsulo ziwiri zija, bambo ake a Wongani ali pambuyo. Akuluakulu atatuwo anakhala pakhonde, ife titagwada pabwalo. Bambo anga anatenga chitsulo changa, anachiyang'ana mbali zonse, anafunsa a Ziba kuti nsungwi inamenya pati. Atawaonetsa, bambo anaika chitsulocho pansi. Sanandikwapule tsiku limenelo kapena lina lililonse pa nkhaniyi. Ndikanakonda akanandikwapula.

Chilango anagamula a Ziba, makolo n'kuvomereza: Loweruka anayi, nthawi ya vidiyo, tonse awiri tikacheke matabwa ndi sowo ya anthu awiri padzenje la kuseri kwa nyumba yawo.

"Koma ine sindinasolole!" anatero Wongani.

"Unabwera," anayankha a Ziba. "Awiri akamenyana, chilango chimodzi. Mnzakoyu ndinamuuza Lachitatu, koma makutu anasiya kunyumba."

Sowo ya padzenje ili ndi malo awiri. Wina amaima pamwamba pa chipika, wina pansi m'dzenje, momwe utuchi umagwera m'maso, m'mphuno ndi m'malaya. A Ziba anati tizisinthana. Ine ndinkafika msanga n'kulowa m'dzenje Loweruka lililonse, ndipo palibe anandiletsa. Tsiku loyamba thabwa linatuluka lokhota ngati njira ya njoka. Sowo imeneyi sifuna mphamvu. Wina akamakoka, mnzake alekerere. Mukakoka nonse, imaima. Tinkacheka osayankhulana. Loweruka lachitatu, mawu anatsika kuchokera pamwamba.

"Ukukoka msanga, chindere iwe."

"Ndiwe ukuchedwa," ndinatero, ndikulavula utuchi.

Amenewo ndiwo anali mawu athu oyamba.

Tikamapuma, a Ziba ankatsegula kope lawo, tifune tisafune. Anatiuza kuti mu 1876 boma la Japan linaletsa kuyenda ndi malupanga, kupatula asilikali, apolisi ndi akuluakulu a boma pa miyambo yawo. Asamurai anayenera kupeza zochita. Ena anakhala aphunzitsi, ena alimi, ena anayesa malonda n'kugwa nawo. "Ndipo ambiri," anatero akuyang'ana Wongani, "analowa upolisi. Ndiye ukamanyoza mwana wa polisi uziyamba waganiza." Wongani anayang'ana kumbali. A Ziba anawonjeza kuti chishango cha agogo awo chilipo kumudzi, ndipo chimatuluka pa ingoma pokha, kukavina.

Nanga osula malupanga? Pamenepa mkuluyo nkhope inawala. Anati ntchito itawathera, ambiri anayamba kusula mipeni ya kukhitchini, masizasi ndi zipangizo za akalipentala. Analowa m'nyumba n'kutulutsa kasowo kakang'ono komwe anabwera nako kuchokera ku Japan, kopyapyala ngati tsamba, kodula pokoka osati pokankha. Sanatilole kukagwira.

"Anzanu anatenga lupanga n'kupanga sowo," anatero. "Inu mwatenga sowo yanga n'kupanga lupanga. Mukuyenda chobwerera m'mbuyo."

Loweruka lomaliza anatipatsa aliyense kaphukusi ka nyuzipepala koti tikapereke kwa amayi athu. Munali mpeni wa chigwiriro cha mlombwa, wosulidwa kuchokera ku zitsulo zathu zija. Amayi anasendera mpeni umenewo chinangwa mpaka ine kumaliza sekondale.

Ndakhala ndikugwira ntchito ya utolankhani zaka zambiri tsopano, ndipo chizolowezi cha ntchitoyi n'kusakhulupirira munthu, ngakhale amene unkamuopa uli mwana. Choncho ndinafufuza zonse za m'kope la a Ziba. Zaka zija zinali zolondola. Nsungwi ija ndi yoona, dzina lakenso ndi lomwelo. Mwambo wolanga mbali zonse ziwiri unalipodi. Lamulo la magazi lija sindinalipeze paliponse ngati lamulo. Ndinangopeza nthano za malupanga otembereredwa, zomwe anthu a kumeneko ankaopsezana nazo monga ife timachitira ndi nkhani za afiti.

Ndinapezanso zomwe mkuluyo sanatiuze. Mtendere wa Edo unali wa dzanja lolemera. Mpunga womwe asamurai ankalandira unkachokera kwa alimi, amene nthawi zina ankagona ndi njala. Msamurai anali ndi chilolezo chotema munthu wamba womuchitira chipongwe, ngakhale ankayenera kukadzinenera yekha, kupeza mboni ndi kufufuzidwa, moti si ambiri ankayerekeza. Ndipo chaka chotsatira chiletso chija, asamurai ena a kummwera anaukira boma, n'kugonjetsedwa ndi gulu lankhondo lodzaza ndi ana a alimi onyamula mfuti. A Ziba anasankha zotiuza. Sindiwaimba mlandu. Anali ndi masiku awiri okha ndi ana awiri opusa.

Pali chimodzi chomwe mpaka lero sindigwirizana nawo. Mwambo wa chilango chimodzi uja unamulakwira Wongani. Unapangidwa kuti uthetse ndewu, osati kuti upeze chilungamo, ndipo padzenje paja sitinali ofanana. Nsungwi inali nzeru ya a Ziba. Kuponya lupanga pansi kunali kwa Wongani, ali ndi ululu paphewa, anyamata khumi ndi asanu ndi anayi akumukuwiza, iye akukhulupirira kuti wagwira chitsulo. Changa chinali kutema, ndisanamve n'komwe "zitatu".

A Ziba anamwalira ndili ku koleji. Wongani ndi mphunzitsi kumwera kwa boma lomwelo, ndipo ana ake amanditcha adada. Ndikapita ku Mzimba timakhala pakhonde pake, ndipo nkhaniyi amaikamba ngati nthabwala, akutsanzira nkhope ya Suzgo atakweza nsungwi m'mwamba. Ulendo wina ndinamufunsa ngati anakayikira kuti lakenso linali nsungwi. Anati ayi, m'mutu munalibe malo oganizira zimenezo, dzanja linangokana. Kenako anakoka kolala kuti andionetse kuti palibe chipsera.

Palibedi. Nsungwi sisiya chipsera. Koma ine ndimadziwa pomwe mzere uja unathera, ndipo munthu akabwera ku ofesi ndi nkhani yotentha, yonenedwa ndi mawu okhuthala, yofuna kuti wina achekedwe lero lomwe, ndimayamba ndaika zala ziwiri patebulo. Kenako ndimafunsa kuti wamuuza ndani, ndipo ngati womuuzayo anafikako.